Corn snake ikamayendetsa mutu: ikuona kapena ikudwala?

Ngati mukuweta corn snake kuno ku Mangochi, dziwani kuti njokayi kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa America, madera ngati Florida ndi Georgia. Ilibe ululu, imapha mbewa poizinga, ndipo ikasamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20. Zambiri zokhudza thanzi lake mudzazionera pa mutu ndi m'maso.

Njokayi imaona msanga chinthu choyenda kusiyana ndi chongokhala. N'chifukwa chake imadzutsa mutu n'kumaupendeketsa pang'onopang'ono uku ndi uku: ikuyesa kutalika kwa chomwe chili patsogolo pake. Pomwepo lilime limatuluka pafupipafupi, kutola fungo n'kukalipereka ku kachiwalo ka kumtunda kwa m'kamwa kotchedwa Jacobson. Nsato ili ndi timaenje pamilomo tomvera kutentha kwa nyama, koma corn snake ilibe, imadalira maso, lilime ndi kunjenjemera kwa pansi. Choncho mukagwira mbewa sambani m'manja musanatsegule bokosi, ndipo chakudya muperekere pa chopanira. Dzanja lonunkha mbewa lomwe likugwedezeka, kwa iyo ndi ndiwo.

Ikabweza khosi n'kulipinda ngati chilembo cha S, mchira ukunthunthumira, yachita mantha. Isiyeni. Poinyamula musaidzere kumwamba monga amachitira kabawi. Lowetsani dzanja cham'mbali, pansi pa mimba.

Njoka ilibe zikope. Diso lake limakutidwa ndi kakhungu koonekera, komwe kamachoka limodzi ndi khungu lonse pofundula. Nthawiyi ikayandikira maso amachita mbuu, otuwa mobiriwira, kwa masiku angapo, kenako amayera, ndipo pakapita masiku ochepa imafundula. M'masiku amenewa siona bwino, imakana chakudya, imatha kuluma ngakhale inakuzolowerani. Si matenda, musathire mankhwala a m'maso. Ikani kabokosi kobisalamo kokhala ndi kansalu konyowa pang'ono, makamaka m'chilimwe mpweya ukauma. Ikafundula, tambasulani khungu lakalelo muone kumutu: payenera kuoneka timagalasi tiwiri ta maso. Kamodzi kakasowa ndiye kuti katsalira pa diso. Chonde musakatong'ole ndi chikhadabo kapena singano, mungaiboole diso. Onjezani chinyontho, ndipo kakapanda kuchoka pitani nayo kwa dokotala wa ziweto.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kunyanja ndi kutentha. Corn snake imafuna mbali imodzi ya bokosi ikhale madigiri 28 mpaka 30, ina yozizirirapo cha m'ma 24, kuti izisankha yokha pokhala. Mu Okutobala ndi Novembala, chipinda cha malata chopanda siling'i chimapyola pamenepo kutalitali, ndipo bokosi lagalasi likawombedwa ndi dzuwa la pawindo limasanduka ng'anjo. Kutentha kotere kumaononga ubongo wa njoka. Mudzaiona itagadamitsa mutu kuyang'ana kudenga nthawi yaitali, mutu ukunjenjemera, ikudzipotokola, ikuphonya mbewa yomwe ili pamphuno pake, kapena kulephera kudzitembenuza ikagona chagada. Izi n'zosiyana ndi kupendeketsa mutu pofuna kuona kuja, komwe mutu umakhala wokhazikika ndipo mukayendetsa chala umachitsatira.

Mukaona zotere, sunthirani bokosi pansi pa simenti m'chipinda chozizira, muike mbale ya madzi yoti ingathe kulowamo, koma osati madzi a m'firiji. Kenako funani dokotala tsiku lomwelo, chifukwa matenda ena ndi mankhwala ophera tizilombo amayambitsanso zizindikiro zomwezi. Musapopere mankhwala a udzudzu m'chipinda chomwe muli njoka. Palinso ma corn snake ena obadwa ndi vutoli kuchokera kwa makolo. Oterewa amatha kukhala moyo n'kumadya, koma musawaberekanitse. Gulani thermometer yoyezera kutentha, muiike m'kati mwa bokosi, muziiwerenga masana dzuwa lili paliwombo.