Mmene mungayambire kuona nyenyezi ndi kujambula mbalame kuseri kwa nyumba

Munthu akangoyamba chidwi ndi zakumwamba amathamangira kufunsa mtengo wa telesikopu. Dikirani kaye. Telesikopu yotchipa imagwedera, ndipo ikakukhumudwitsani kawiri imakathera kunsi kwa bedi. Yambani ndi mpando, maso anu ndi ma binoculars (magalasi a maso awiri oonera zinthu zakutali) ngati alipo. Mpando womwewo mudzakhalaponso m'mawa podikira mbalame.

Choyamba, pezani malo pabwalo pamene babu la pakhonde kapena la mumsewu silikukuthobwani m'maso. Zimitsani magetsi, mukhale phee kwa mphindi 20 mpaka 30 kuti maso azolowere mdima. Mukangosuzumira pa foni, kuwala kwake kumakubwezani m'mbuyo. Ngati mukufuna tochi, ikulungeni ndi pulasitiki yofiira, chifukwa kuwala kofiira sikusokoneza maso kwenikweni.

Kenako lozani Mwezi, koma osati uli wathunthu. Nthawi imeneyo umangooneka mbee, wopanda mithunzi. Udikireni uli theka, muyang'ane pamzere pamene mbali yowala yakumana ndi yakuda. Pamenepo mapiri ndi maenje ake amaponya mithunzi italiitali, mpaka mumaiwala kuti chinthucho chili pa mtunda wa makilomita oposa 380,000.

Ma binoculars oyambira abwino ndi olembedwa 7x50 kapena 10x50. Nambala yoyamba ikunena kuti akukuza chinthu kangati, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Tsamiritsani zigongono pakhoma kuti manja asanjenjemere, mufufuze pulaneti ya Jupiter. M'mbali mwake muona timadontho tili pamzere, nthawi zina tiwiri, nthawi zina tinayi. Imeneyo ndi miyezi yake ikuluikulu, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, yomwe Galileo anaiona mu January 1610. Lembani m'kope mmene yaimira lero, mawa mubwerenso. Mupeza yasuntha, makamaka Io, amene amazungulira Jupiter pasanathe masiku awiri. Kwa ine apa ndi pamene pamakoma: thambo limasiya kukhala chithunzi chongopachikidwa.

Nsangwe ndi maso okha mumawerenga nyenyezi 6 kapena 7, koma m'magalasi zimachuluka waa. Pafupi ndi Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zija zondondozana, pali kachifunga kotuwa, Orion Nebula, komwe kukubadwira nyenyezi zatsopano. Nthanda ija si nyenyezi ayi, ndi pulaneti ya Venus. Ngati simukudziwa chili pati, pulogalamu ya Stellarium ikusonyezani thambo la malo anu pa ola lililonse. Ionenitu musanatuluke panja. Dzuwa lokha musadzalilozetse magalasi ngakhale kamphindi, lingakuphereni maso.

Kukacha, ntchito yake ndi yomweyo yodikira. Ikani mbale yosaya ya madzi pafupi ndi chitsamba, mamita atatu kapena anayi kuchokera pampando wanu, ndipo muikemo mwala woti timbalame tiziterapo. Madziwo muzisintha tsiku ndi tsiku kuti udzudzu usaswane. Pambali pa mbaleyo zikani kanthambi kouma. Mbalame sifikira kumwa, imayamba yatera penapake n'kuunguzaunguza, ndiye kamera yanu ilozeretu pa kanthambi kameneko. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo jambulani likangotuluka kapena likapendeka, kuwala kuli kofewa.

Ngati kamera yanu imalola, ikani shutter speed (nthawi imene kamera imatsekula diso lake pojambula) pa 1/1000 ya sekondi kapena mofulumira kuposerapo, apo ayi mapiko amatuluka ngati utsi. Onetsetsani kuti diso la mbalame laoneka bwino. Mchira ukhoza kufufuma, palibe adzadandaule, koma diso likafufuma chithunzi chafa. Ine sabata yoyamba ndinadzaza kamera ndi zithunzi za kanthambi kopanda kanthu, chifukwa ndinkadzutsa mkono mofulumira mbalame n'kuthawa. Kamera ikhale kale pafupi ndi nkhope, chala chokha n'chimene chizisuntha.

Amene muli ndi foni yokha, musalimbane ndi zoom, imangophwanya chithunzi. Yambani ndi zamoyo zimene zimalola kuziyandikira: buluzi akuothera dzuwa pakhoma, kangaude pa ukonde wake wamame, gulugufe m'mamawa kusanafunde, pamene amachita ulesi kuuluka. Gwadani kapena gonani chafufumimba kuti foni ifanane msinkhu ndi kanyamako, kumbuyo kwake kukhale masamba akutali osati ndowa kapena zovala zoyanika.

Chisa chokha chitalikireni. Mukachulutsa kusuzumira, makolo akhoza kusiya mazira, ndipo mukasadza masamba obisa chisacho mwaonetsa njira mphaka. Anapiye akadzayamba kuuluka adzabwera okha pa mbale ija, kukamwa kudakali kwachikasu m'mbali.