Musanagule chokoleti choyera, tembenuzani paketi

Anzanga ophika makeke, werengani kaye zolembedwa kumbuyo kwa paketi, mufufuze mawu oti cocoa butter, kutanthauza mafuta a koko. Malamulo a ku America ndi a European Union amati chokoleti choyera chikhale ndi cocoa butter wosachepera 20 peresenti, zamkaka 14 peresenti. Mukapeza palm kernel oil (mafuta ochokera ku njere za mtundu wina wa kanjedza) m'malo mwa cocoa butter, chimenecho n'chongofanizira, musalipire mtengo wa chenicheni.

Ine ndinatayapo ndalama tsiku lina: chimene ndinagula chinali choyera mbuu ngati choko, m'kamwa n'kumamata ngati kandulo. Chenicheni chimaoneka chachikasu pang'ono, ndipo chimasungunuka chikangofika palilime chifukwa mafuta a koko sapirira kutentha kwa thupi.

Chongofaniziracho musachinyoze ayi. Pokutira keke chimauma msanga popanda vuto.