Mwapeza kanyama kali kokha kuthengo? Yambani mwaima patali

Tchire likayamba kupsa, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, ana oweta ng'ombe ku Angónia, Macanga ndi Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amafika kumudzi atafukata tiana ta gwape, amvekere "tatola kamasiye". Tambiri si tamasiye ayi, ndipo tianato timafa m'manja mwathu, ife tikuyesa tikutithandiza.

Choyamba, musakagwire. Gwape ndi mbawala amabisa mwana mu udzu n'kupita kokadya, amangobwera kudzayamwitsa kanthawi kochepa. Kamwana kogona phee, katadzipinda, maso ali gwa, kali bwinobwino. Itanani agalu anu, chokanipo, mudzabwerenso mawa. Mukakapeza kakungoyendayenda kukulira, ntchentche zili ng'waa, kapena make mwamuona atafera pa msampha wa waya, pamenepo ndiye kakufunadi thandizo. Kamwana ka mbalame kopanda nthenga kabwezereni m'chisa. Zoti make amakakana chifukwa cha fungo la manja si zoona.

Chachiwiri, samalani moyo wanu. Nkhandwe yoyenda masana osaopa anthu, dovu likuchucha, mwina ili ndi chiwewe. Mleme wogwa pansi nawonso musautole. Nyama yotere ikakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Mwana wa njovu kapena wa mvuu m'mbali mwa Zambezi musamuyandikire n'komwe, make sakhala patali. Nyama yofa yokha musaidye, matenda oopsa a anthrax amalowera pomwepo.

Chachitatu, kanyama kakang'ono kovulala kaphimbeni ndi chitenje, mukaike m'katoni yoboola timabowo, pamthunzi popanda phokoso. Ana asamatsegule kuti aone. Apa ndikupemphani ndithu: musakapatse mkaka wa ng'ombe kapena phala. Kamatsegula m'mimba, ndipo madzi owathira m'kamwa mokakamiza amapita m'mapapo.

Chachinayi, kaneneni msanga. Yambani kwa amfumu, kenako ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi ntchito zachuma, ya boma lanu. Okhala ku Mágoè, komwe paki ya boma inakhazikitsidwa mu 2013, ndi m'madera a Tchuma Tchato, ntchito ya anthu a m'midzi yosamalira nyama zakuthengo, auze ma fiscais, alonda a nyama, omwe amalumikizana ndi a ANAC, bungwe la boma loyang'anira malo otetezedwa.

Pa ngaka ndiye musazengereze. Ikadzikulunga ngati nkhata sikuti yavulala, ndi mmene imadzitetezera. Ngati ilibe bala, isiyeni idzipita. Imadya nyerere ndi chiswe basi, choncho mukaitsekera m'thumba kapena m'nkhokwe imafooka n'kufa. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi ogula, kanani. Lamulo losamalira zachilengedwe la 2014, lomwe analikhwimitsa mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 16 m'ndende pa nyama zotetezedwa ngati imeneyi.

Pokanena, fotokozani malo enieni amene mwaipeza, kaya ndi pachulu chiti kapena pamtsinje uti, kuti ikachira akaibwezere komweko.