Mmene mungawerengere lipoti la kampani musanagule masheya

Ambiri kuno ku Blantyre timagula masheya chifukwa wina pagulu la WhatsApp wanena kuti akwera, inenso ndinayamba choncho ndipo zinandipweteka.

Choyamba pezani lipoti lenilenilo. Makampani a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange (MSE), kaya National Bank, Illovo, TNM kapena Airtel, amatulutsa zotsatira zawo mu The Nation ndi Daily Times komanso pa webusaiti ya MSE. Za pa webusaitizi ndi zaulere, bandulo yokha basi, ndiye musapatse ndalama anyamata ogulitsa "matipu" aja.

Chachiwiri ndi pomwe ndinagwa ine. Ife ongoyamba timathamangira mzere wa profit after tax (phindu lotsala msonkho utachotsedwa), tikaona kuti wakwera basi mtima pansi. Ndinagula masheya a kampani ina yomwe phindu lake linakwera zedi, ndinathira ndalama zonse za chipereganyu, koma dividend (gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya) itabwera inali yochepa moti ndinkaganiza kuti alakwitsa. Alamu anga omwe amagwira za maakaunti ku Ginnery Corner atangotsegula lipoti lomwelo sanayang'ane nkomwe phindulo, anapita pa cash flow (ndalama zenizeni zolowa ndi zotuluka) kenako pa manotsi a kumapeto a zilembo zing'onozing'ono aja, nkundionetsa kuti gawo lalikulu linali fair value gain, kutanthauza kuti nyumba za kampaniyo anangozikweza mtengo papepala, palibe kwacha inalowa m'thumba. Dividend imachokera pa ndalama zenizeni abale anga. Ndiye onani cash from operations (ndalama zenizeni zomwe kampani yapeza pa bizinesi yake ya tsiku ndi tsiku), ngati ikutsalira kutali ndi phindu funsani chifukwa chake.

Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Phindu likakwera kuposa mmene mitengo ya zinthu yakwerera ku Limbe ndiye bwino, likachepera apo kampaniyo yabwerera m'mbuyo ngakhale manambala akuoneka aakulu. Kampani ya ngongole za madola samalani nayo kwambiri, chifukwa kwacha ikagwa ngongoleyo imakula.

Kenako gawani mtengo wa sheya ndi earnings per share (phindu logwera pa sheya imodzi) kuti mupeze P/E, nambala yosonyeza kuti mtengo wa sheya ukuposa phindulo kangati, muyerekeze banki ndi banki inzake, osati banki ndi kampani ya shuga. Onani zaka zitatu osati chimodzi.

Pogula pitani kwa broker (wogula ndi kugulitsira anthu masheya) wa laisensi ya Reserve Bank, mutenge chiphaso chanu cha unzika, ndipo mufunsiretu komishoni yake musanasayine.