Momwe mungafunsire AI kuti ikuthandizenidi

Ngati muli ndi WhatsApp, mwina munaona kale kamphete kabuluu kamene kamakutengerani ku Meta AI. AI ndi pulogalamu ya pa foni kapena kompyuta imene mumailembera funso n'kukuyankhani ngati mukucheza ndi munthu. Kampani ya Meta, eni ake a WhatsApp, inatulutsa AI yakeyi kunja kwa America mu Epulo 2024, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anali m'gulu la mayiko oyamba kuilandira. Palinso ChatGPT ya OpenAI, imene inayamba pa 30 Novembala 2022, Gemini ya Google, Claude ya Anthropic ndi Copilot ya Microsoft. Zonsezi mutha kuzigwiritsa ntchito osalipira, bola mukhale ndi bandulo. Koma ambiri akayesa AI kamodzi amangoisiya, amati palibe chanzeru chimene yawauza. Mukaona zimene anailembera, mupeza mawu atatu kapena anayi basi. Vuto limayambira pamenepo.

AI sikukudziwani. Sidziwa ngati muli ku Mchinji kapena ku Ndirande, ngati ndinu mwana wa Fomu 2 kapena mphunzitsi wake. Munthu akapita kwa telala n'kungonena kuti "ndisokereni chovala", osayezedwa, osatchula kuti n'cha ukwati kapena cha kuntchito, sangadandaule chikabwera chothina. Ndiye choyamba ndi ichi:

Iuzeni nkhani yonse

Tiyerekeze kuti mukufuna ntchito. Mukalemba kuti "Ndilembere kalata yofunsira ntchito", ikupatsani kalata yoti aliyense angaisayine, ya mawu okoma koma opanda kanthu. Yesani chonchi:

"Ndikufunsira ntchito ya ukalaliki pa sitolo yogulitsa zipangizo zaulimi ku Kasungu. Ndili ndi satifiketi ya MSCE, ndinagulitsapo m'golosale kwa zaka ziwiri, ndipo ndimatha kulemba kaundula wa katundu pa kompyuta. Ndilembere kalata m'Chingerezi chosavuta, isapitirire tsamba limodzi. Usawonjezere chilichonse chimene sindinakuuze."

Muonetsetse chiganizo chomalizacho. Popanda icho, AI itha kukulemberani kuti muli ndi dipuloma kapena kuti munayang'anirapo anthu khumi, chifukwa makalata ambiri amene inaphunzirirapo amanena zotero. Tsiku la intavyu mudzasowa chonena akadzakufunsani za dipulomayo. Mu uthenga umodzi uja mwatchula kuti ndinu ndani, mukufuna chiyani, wolandira ndi ndani, ndiponso malire ake. Zinthu zinayi zimenezi muzizikumbukira pa funso lililonse lalikulu.

Kwa a geni n'chimodzimodzi. Funso lakuti "Ndingapindule bwanji ndi mandasi?" libweretsa malangizo a m'mabuku. Koma mukalemba kuti fulawa, shuga, yisiti, mafuta ndi makala zakudyerani K30,000, mwakazinga mandasi 200 ndipo mukugulitsa K200 limodzi, iwerengera kuti limodzi lakudyerani K150 ndipo phindu ndi K10,000 ngati onse atha. Apo mutha kupitiriza: nanga 20 akatsala? Nanga thiransipoti ya kumsika? Mafunso oterewa ndiwo amatsegula maso.

Ngati simukudziwa kuti muiuze ziti, pali njira yachidule imene ndimaikonda kwambiri. Lembani kuti: "Usanayankhe, yamba wandifunsa zimene ukufuna kudziwa." Ikufunsani mafunso angapo, inu muyankhe, ndipo yankho lotsatira likhala lanu lenileni.

Nenani yankho limene mukufuna

AI ikasiyidwa yokha imakonda kulemba zambiri, ndipo pa foni zimatopetsa. Iuzeni kuti mukufuna ziganizo zisanu, kapena mfundo zitatu, kapena uthenga waufupi woti mutumize pa gulupu ya mpingo. Iuzeninso msinkhu wa woti awerenge.

Apa ndikufuna ndilankhule ndi ana a sukulu. Kukopera yankho lonse n'kukapereka kwa aphunzitsi n'kudzinamiza, poti m'chipinda cha mayeso a MANEB foni simulowa nayo. Pali njira yabwino kuposa imeneyo. Lembani kuti: "Ndili Fomu 4, ndikukonzekera Biology. Ndifotokozere momwe magazi amayendera mu mtima, ngati ukuuza munthu amene akumva koyamba. Ukatero undifunse mafunso asanu, limodzilimodzi, uzidikira yankho langa, ndipo ndikalakwa undiuze pamene ndalakwira." Mukatero mwapeza wokufunsani mafunso ngakhale usiku, amene satopa kubwereza. Koma buku la silabasi likhale pambali panu, ndipo zikasiyana tsatirani buku.

Musathawe pa yankho loyamba

Uku n'kucheza, si kufufuza kwa pa Google kumene mumalemba kamodzi n'kusankha tsamba. Yankho likatalika, lembani kuti "fupikitsa". Likavuta, "sindinamve ndime yachiwiri, ndipatse chitsanzo". Likakamba za mbewu kapena nyengo za ku Ulaya, ikumbutseni kuti muli ku Malawi ndipo mvula imayamba cha mu Novembala kapena Disembala. Imakumbukira zimene mwakambirana pa macheza omwewo, choncho palibe chifukwa choyambiranso. Koma nkhani ikasintha, kuchoka pa kalata kupita pa nkhuku, tsegulani macheza atsopano kuti isasakanize.

Nanga Chichewa? Imamva, ndipo imayankha, koma sichifika pa Chingerezi chake, chifukwa zolembedwa zambiri zimene inaphunzirirapo n'za Chingerezi. Nthawi zina ipeka liwu loti kulibe, kapena imasulira mwambi liwu ndi liwu mpaka tanthauzo kusokonekera. Muzilemba ziganizo zazifupi ndi mawu athunthu, osati odula ngati a pa meseji. Kusakaniza Chichewa ndi Chingerezi sikulakwa. Nkhani ikakhala yofunika, ipempheni iyankhe m'zinenero zonse ziwiri kuti mufananize, ndipo Chichewa chakecho muchikonze nokha musanatumizire munthu. Kwa alimi kuli Ulangizi, imene bungwe la Opportunity International linakonza pa WhatsApp, yoyankha mafunso a zaulimi m'Chichewa potengera buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi.

Tsimikizani musanachite kanthu

Gawo ili ndilo lofunika kuposa onse. AI imalemba polosera mawu oyenera kutsatira, malinga ndi zambirimbiri zimene inawerenga. N'chifukwa chake imatha kunena bodza ndi mawu osalala ngati a choonadi, popanda kudodoma. Mu 2023 maloya ena ku New York analipitsidwa madola 5,000 atapereka kukhoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Anali anthu odziwa malamulo, koma sanafufuze.

Chinanso, zimene ikudziwa zili ndi polekezera. Pokhapokha ikafufuza pa intaneti nthawi yomweyo, imakuuzani za kale. Kwathu kuno zimenezi n'zoopsa pa nkhani ya mitengo. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo yasintha kambirimbiri chichokereni nthawi imeneyo. Mtengo wa thumba la feteleza kafunseni kusitolo. Tsiku lotsekera kulandira makalata a ntchito kapena a malo ku yunivesite lioneni pa chidziwitso chenichenicho. Masamu a ndalama abwerezeni pa kakyuleta, n'zosatenga mphindi ziwiri.

Pa za umoyo ndiye chonde. Mwana akatentha thupi, thamangani naye kuchipatala akamuyeze malungo, osati kukhala pansi kufunsa foni. AI ingakuthandizeni kumvetsa zimene adokotala anena, kapena kukonza mafunso oti mukawafunse, koma mlingo wa mankhwala utuluke kwa achipatala. Mbozi zikagwa m'chimanga, mutha kujambula tsamba n'kuifunsa kuti zikuoneka ngati chiyani, koma kasakanizidwe ka mankhwala opopera kawerengeni pa botolo ndipo mufunse alangizi a m'dera lanu. Zimathandizanso kulemba kuti "ngati sukutsimikiza, undiuze", ngakhale izi sizichotsa zolakwa zonse. Ikatchula buku, lamulo kapena tsamba la pa intaneti, lifufuzeni muone ngati lilipodi.

Zimene simuyenera kulemba

Zimene mwalemba zimapita ku makompyuta a kampani, ndipo zina zimasungidwa. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, nambala ya chiphaso cha unzika, pasiwedi ya kubanki, zonsezi musazilembe, ngakhale zitaoneka ngati zifulumizitsa ntchito. Pa kalata ija, siyani mpata pa dzina, adiresi ndi nambala ya foni, mudzadzaze nokha pambuyo pake. Mukamajambula chikalata cha kuchipatala kapena cha kuntchito, yambani mwaphimba mayina ndi kapepala. Mukafuna malangizo pa mkangano wa m'banja kapena wa malo, nenani kuti "mchimwene wanga" kapena "oyandikana nawo" m'malo motchula mayina awo, poti eni akewo sanakuloleni. Mapulogalamu ambiri ali ndi pofufutira macheza akale ndiponso pokanira kuti zolemba zanu zisagwiritsidwe ntchito pophunzitsira makinawo. Lowani pa settings mukasinthe zimenezi musanayambe kufunsa nkhani zanu za kunyumba.