Kukonzekera Ulendo Wapansi Wokafika Pamalo Oonerapo Patali M'mapaki a Zigawo za ku United States

Kuwonjezera pa mapaki akuluakulu amene ali m'manja mwa boma la dziko lonse, chigawo chilichonse cha United States chili ndi mapaki akeake, ndipo ambiri mwa mapakiwa ali ndi njira zapansi zokathera pamwamba pa thanthwe pomwe munthu amaona chigwa chonse chili pansi pake. Maso amafika patali pamalo oterewa chifukwa chakuti nthaka yathera pomwepo ndipo kutsogolo kuli phompho. Motero amene akufuna kukafikako ayenera kuwerengeratu zinthu zitatu asanamange zingwe za nsapato: kukula kwa chitunda, nthawi yobwerera, ndi poimira akakafika.

Poyamba pezani mapu a pakiyo, kaya pa tsamba lake la pa intaneti kapena ku nyumba yolandirira alendo, ndipo muwasunge m'foni kapena papepala, pakuti m'zigwa zambiri netiweki sigwira. Mapuwo amalemba mtunda m'mamailosi ndipo kukwera amakulemba m'mafiti. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, pamene mafiti 100 ndi mamita pafupifupi 30. Anthu ambiri amangoyang'ana kutalika kwa njira n'kuiwala kukwera kwake, ndipo apa ndi pamene amadzinamiza. Ku Devil's Lake State Park, m'chigawo cha Wisconsin, njira ya Balanced Rock sikwana n'komwe kilomita imodzi, koma imakwera phiri la miyala lotalika mamita pafupifupi 150 kuchokera m'mphepete mwa nyanja imene ili m'pakiyo, pa masitepe a miyala osalingana msinkhu, moti munthu amene anaiderera pamapu amafika pakati ali wefuwefu, akatumba akukoka. Ku Letchworth State Park, m'chigawo cha New York, zinthu n'zosiyana: njira ya Gorge Trail ndi yaitali makilomita pafupifupi 11 kupita kokha, koma imalondola m'mphepete mwa chigwa cha mtsinje wa Genesee ndipo ili ndi malo angapo oimikapo galimoto, kotero mungathe kusankha kachigawo kake, monga kuchokera pa mathithi a Middle Falls kukafika pa Inspiration Point. Onetsetsaninso ngati nambala yolembedwayo ndi ya ulendo wopita wokha kapena wopita ndi kubwerera.

Pali njira yakale yowerengera nthawi imene William Naismith, katswiri wokwera mapiri wa ku Scotland, anaikhazikitsa mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Ulendo wa makilomita 8 wokhala ndi chitunda cha mamita 300 ukhala wa maola awiri ndi mphindi zochepa. Komabe iye ankanena za munthu wamphamvu wosapuma panjira, choncho ine ndimalangiza kuwonjezerapo theka la nthawiyo ngati pagulu pali ana kapena okalamba, kenako n'kuikaponso mphindi 30 zokhala pamalo oonerapowo. Mukapeza chiwerengerocho, funsani nthawi imene dzuwa lilowe tsikulo ndi nthawi yotsekera chipata, muwerenge chobwerera m'mbuyo, ndipo mugwirizane ola limene mutembenuke, kaya mwafika kaya simunafike. Uzani munthu wina wotsala dzina la njirayo ndi nthawi imene akuyembekezereni.

Katundu asachuluke. Nsapato zikhale zogwira pansi ndiponso zoti munazivalapo kale, chifukwa zatsopano zimatulutsa matuza. Madzi akhale pafupifupi theka la lita pa ola lililonse, ndipo muwonjezere kumalo ouma monga Dead Horse Point State Park ku Utah, kumene mthunzi ndi wosowa ndipo njira zake zili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,800 kuposa pamene pamalekezera madzi a nyanja zikuluzikulu za dziko lapansi. Tengani kachakudya, tochi, ndi chovala chotchinga mphepo, popeza thukuta likauma pamwamba pathanthwe thupi limazizidwa msanga.

Mukalowa m'njira, maso anu azolowere zizindikiro zake. M'nkhalango za kum'mawa kwa dzikolo kawirikawiri pamakhala kachidindo ka penti pamtengo kapena pamwala, njira iliyonse ndi mtundu wake. Mukaona tizidindo tiwiri, kena pamwamba pa kanzake, dziwani kuti njira ikukhota, ndipo kapamwambako kakapendekera kumanja ndiye kuti mukhotere kumanja. Kumadera a miyala yokhayokha njira imasonyezedwa ndi timilu ta miyala, ndipo si bwino kuti mlendo aunjike take, chifukwa tingasocheretse obwera m'mbuyo. Mukayenda kanthawi osaona chizindikiro, bwererani pomwe munachiona komaliza. Pachitunda pondani mofupikitsa, pa liwiro loti mungathe kulankhula ndi mnzanu osabanika. Njira ikamakhotakhota pokwera, musadule pakati: kanjira kachidule kamasanduka ngalande ya madzi a mvula ndipo kamagumula njira yeniyeniyo. Pamalo opanikiza, wotsika ndiye amapatukira wokwera.

Nkhani yaikulu ili pamalo oonerapo penipenipo. Pa Dead Horse Point mtsinje wa Colorado umaoneka ukukhota pansi pa mamita pafupifupi 600, ndipo ku Letchworth makoma a chigwa amafika mamita oposa 150 m'malo ena. Pamene pali mpanda wa miyala kapena wa zitsulo, imani kuseri kwake. Musaukhalire, musaukwere, ndipo musakhazikepo mwana kuti mumujambule. Pamene palibe mpanda, siyani mpata wotalika kuposa msinkhu wanu pakati pa phazi lanu ndi m'mphepete, chifukwa munthu akapunthwa amagwa ndi utali wake wonse. Miyala ina imaoneka yolimba pamwamba koma pansi pake inadyeka, ndipo timiyala ting'onoting'ono, masamba ouma kapena chinyontho zimaterera mosayembekezereka. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kujambula: munthu watembenuzira msana kuphompho, maso ali pa foni, ndipo akubwerera m'mbuyo phazi limodzi kuti mtsinje ulowe m'chithunzi. Ponyani kaye mapazi pamalo abwino, muyang'ane pansi, kenako mutulutse foni, ndipo mukafuna kusuntha muitsitse. Mwana mumugwire dzanja musanatulukire poyera, ndipo galu akhale pachingwe chachifupi. Musagwetse mwala ngakhale waung'ono, pakuti m'munsimo mungakhale njira ina yodutsa anthu.

Mukamva bingu, chokanipo nthawi yomweyo. Malo okwera ndi oyera ndi amene mphezi imakonda, ndipo masekondi atatu aliwonse pakati pa kung'anima ndi kugunda amatanthauza kilomita imodzi yokha. Tsikirani kumunsi, makamaka kugalimoto, ndipo mudikire mphindi 30 chigundireni bingu lomaliza. Nkhungu ikatchinga, musasendere kutsogolo pofuna kuona bwino.

Potsika ndi pamene miyendo yatopa ndipo mtima uli kale kugalimoto, motero mangitsani nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo, pindani mawondo pang'ono, ndipo pa masitepe onyowa ponyani phazi lonse. Pakachitika ngozi imbani 911, mutchule dzina la paki, dzina la njira ndi chizindikiro chimene mwachidutsa komaliza. Mukafika kumene mukugona, sambani ndipo mudziyang'ane kuseri kwa mawondo, m'khwapa, m'chiuno ndi m'tsitsi, chifukwa ku New York ndi ku Wisconsin kuli nkhupakupa zazing'ono kwambiri zofalitsa matenda a Lyme. Mukaipeza italuma, igwireni ndi kopanira pafupi ndi khungu, muikoke molunjika osaipotoza, kenako mutsuke pamalopo ndi sopo.