Kuthandiza ana a sekondale ochokera m'madera oopsa

Pa CDSS ya m'tauni, kaya ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ana ambiri amabwera wapansi kuchokera m'madera momwe kukangoda anthu amalandidwa mafoni, atsikana amatchingidwa panjira, chamba ndi kachasu zili paliponse. Aphunzitsi simungathetse zimenezi. Chomwe mungathe ndi kuona vuto msanga, komanso kusamuonjezera mwana ngozi ndi malamulo a pasukulu.

Sabata yoyamba ya teremu, mwana aliyense alembe pakapepala komwe amakhala, amene amakhala naye, mphindi zomwe amayenda, ndi malo omwe amaopa kudutsa: pamlatho, kumanda, pamsika, pashabini. Musafunse zimenezi pagulu, mwana amanama pothawa kusekedwa. Mapepalawo muwakiyire mu kabati. Lachisanu lililonse yang'anani rejisita. Amene wajomba masiku 3 otsatizana, kapena amasowa Lolemba lokhalokha, kapena wayamba kuodzera m'mawa, muitaneni sabata yomweyo. Mukadikira mayeso a kumapeto kwa teremu mudzapeza atasiya kale.

Nkhani yaikulu ndi nthawi. M'miyezi ya May, June ndi July dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo ndi nthawi yomwe a Fomu 4 amasungidwa mochedwa pokonzekera MSCE. Makalasi owonjezera azitha pofika 4 koloko, ndipo ana olowera kumodzi muwaike m'magulu a anthu 4 kapena 5, mtsikana asatsale yekha. Chibalo chotchetcha udzu anzake ataweruka chimam'siya mwana ayende yekha kutada. Chiperekeni pa buleki. Kubweza wochedwa pageti n'kolakwika kwambiri: sabwerera kunyumba ayi, amakathera kuvidiyo kapena papulu, komwe kuli anthu omwewo mukufuna awapewe. Alowe mkalasi, za kuchedwazo mukambirane pambuyo. Ntchito ya kunyumba nayonso muiganizire, chifukwa m'nyumba ya chipinda chimodzi, magetsi atazima, mwana salemba. Tsegulani kalasi imodzi kwa ola limodzi akaweruka, alembere pomwepo.

Polankhula ndi mwana khalani poonekera, pansi pa mtengo kapena mu ofesi chitseko chili chotsegula, ndipo mtsikana alankhule ndi mphunzitsi wamkazi. Funso lakuti "Wajomberanji?" limatseka pakamwa. Nenani kuti, "Takusowa Lachiwiri ndi Lachitatu, kunyumba kuli bwanji?" kenako khalani chete. Musalonjeze kuti simuuza munthu. Muuzeni poyera kuti ngati moyo wake uli pangozi muuza amene angathandize, osati sitafurumu yonse. Zomwe wanena zilembeni m'mawu ake, ndi deti.

Akaulula kuti wagwiriridwa, chipatala ndiye choyamba. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Asasambe, zovala zisachapidwe, chifukwa ndi umboni. Ku Blantyre kuli One Stop Centre pa Queen Elizabeth, komwe achipatala, apolisi ndi a sosholo amathandizira pamodzi. Kwina pitani ku Victim Support Unit ya polisi, kapena imbani 116 mwaulere. Kuyambira 2017 malamulo a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho nkhani yotere si yomalizira pachibale ndi chipepeso cha ndalama. Ngati wochita nkhanzayo amakhala m'nyumba momwemo, musayambe ndi kuitana makolo. Ahedi adziwitse ofesi ya sosholo ya m'bomalo.

Mnyamata yemwe walowa m'gulu la anyamata ovuta musam'nyazitse pa asembule, ndipo musatchule amene wakutsinani khutu, angakamenyedwe panjira. Mpeni ukapezeka m'chikwama, nkhaniyo ipite kwa ahedi tsiku lomwelo. Koma ngati ndi kujomba ndi mwano chabe, kumuimitsa sukulu masabata awiri ndi kum'pereka kwa anzakewo tsiku lonse. Bwino kum'patsa chochita chomwe chimafuna kuti azipezeka tsiku ndi tsiku, monga kusunga mipira ya timu.

Kunyumba kwa mwana pitani masana, muli awiri, mutadzera kwa mfumu kapena buloko lida wa deralo. Ndalama za m'thumba mwanu musam'patse mobisa, makamaka mtsikana: zimabala miseche ndipo mwezi wamawa simudzakwanitsa. Lembani dzina lake, mulipereke kwa ahedi ndi komiti ya makolo kuti lipite pa mndandanda wa basale.